RAID 1 si backup, makamaka tsiku lokulitsa partition

Anzanga osamalira maseva, pali mawu amene amandidetsa nkhawa ndikawamva: "Musadandaule, madisiki ndi awiri, ili pa RAID 1." Kawirikawiri amanenedwa foda ya /var ikadzaza, munthu akufuna kukulitsa partition (chigawo cha disiki) msangamsanga abwana asanaimbe foni. Ine ndikuti nthawi imeneyoyo ndi pamene mirror, ndiye kuti RAID 1 yomweyo, singakuthandizeni kwenikweni.

Ntchito ya RAID 1 ndi imodzi basi: chimene chalembedwa pa disiki ina chimalembedwanso pa inzake nthawi yomweyo. Imodzi ikafa, inayo ipitiriza. Koma siifunsa ngati chimene mwalembacho n'cholondola. Mukachepetsa /dev/md0 (array, ndiye kuti madisiki awiriwo akamaoneka ngati imodzi) mpaka kudula mbali ya filesystem (dongosolo losungira mafaelo), mwadula pa madisiki onse awiri. Zili ngati nkhokwe ziwiri zogundana: chiswe chikalowa imodzi inzake ipulumuka, koma moto ukabuka zipsa zonse.

Kumbukirani zimene zinachitika ku GitLab, kampani yosungira code ya mapulogalamu, pa 31 Januwale 2017. Injiniya wina anafufuta database pa seva yaikulu akuganiza kuti ali pa yachiwiri, ndipo pafupifupi 300 GB inapita. Anali ndi njira zisanu za backup ndi replication, koma atazifuna anapeza kuti sizinkagwira ntchito monga ankaganizira. Chinawapulumutsa ndi LVM snapshot (kope la zimene zinali pa disiki panthawiyo) imene inatengedwa pafupifupi maola 6 m'mbuyomo, ndipo zambiri zimene anthu analemba m'maola amenewo zinatayika. Anthuwa ndi akatswiri, ndipo ndimawalemekeza chifukwa anafotokoza poyera zonse. Ngati zinawagwera iwo, ife tisamadzinamize. Backup imene simunayesepo kuibwezeretsa musaiwerengere, ndipo isakhale pa seva yomweyo.

Tsono pa ntchito yeniyeniyo, chachikulu ndi ndondomeko. Pokulitsa mumayambira pansi: partition pa disiki iliyonse, kenako array ndi mdadm --grow /dev/md0 --size=max (mdadm ndi pulogalamu yoyang'anira RAID pa Linux), kenako pvresize ndi lvextend ngati pali LVM (njira yogawira malo a disiki pa Linux), filesystem pomaliza. Pochepetsa mumayambira pamwamba, filesystem ndiye yoyamba. Mukasemphanitsa pokulitsa, kompyuta ingokana kapena malo sawonjezeka. Mukasemphanitsa pochepetsa, ndi maliro.

N'chifukwa chake ndimati ngati pali njira ina, kuchepetsa kusiyeni. Filesystem ya ext4 imakula ndi resize2fs ili mounted (ikugwiritsidwa ntchito), koma kuti ichepe muyenera kuichita unmount ndi kuyendetsa e2fsck -f kaye. Filesystem ya XFS, imene Red Hat inaisankha kukhala default kuyambira RHEL 7 mu 2014, ndiye musaganize n'komwe zoichepetsa, njira yake ndi kukopera zinthu kwina, kupanga filesystem yatsopano, n'kuzibwezera. Disiki yowonjezera ili ndi mtengo, inde, koma mafaelo a malipiro a antchito kapena kaundula wa ana asukulu mukagula kuti?

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakayang'ana. Yendetsani mdadm --detail muone metadata. Ngati ndi 1.2, superblock (pamene mdadm imalembapo zokhudza array) ili kumayambiriro, 4 KiB kuchokera poyambira partition, ndiye kusuntha mathero sikuisokoneza. Koma pa seva zakale za 0.90 kapena 1.0 imakhala kumapeto. Mukakulitsa partition mwachisawawa, mdadm ikaifuna kumapeto atsopanowo siipeza, ndipo pa reboot array siidzuka. Poyambira partition ndiye pasasunthe ngakhale ndi sector imodzi. Musanakhudze kanthu, sungani zotuluka pa sfdisk -d (mndandanda wa ma partition) za disiki iliyonse pa kompyuta ina. Ndi kafaelo ka mizere yochepa, koma tsiku loipa kadzakuuzani manambala enieni. Ndipo ngati mukupita ku disiki yoposa 2 TiB, MBR, njira yakale yolembera ma partition, siikwanitsa pa ma sector a 512 bytes, pakufunika yatsopano ya GPT.

Pamene mtima wanga umagunda kwambiri ndi posintha madisiki ang'ono ndi aakulu. Mumachotsa imodzi ndi --fail ndi --remove, n'kuika yatsopano ndi --add. Mukayang'ana /proc/mdstat, mmalo mwa [UU] (madisiki onse awiri ali bwino) mukuona [U_]. Kamzere kapansiko kakutanthauza kuti kampani yonse yatsamira pa disiki imodzi yokalamba, imene ikuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto osapuma. Pa 150 MB pa sekondi, 4 TB ikufuna maola oposa 7. Nthawi zambiri madisiki awiriwa anagulidwa tsiku limodzi ndipo atopa mofanana. Onani kaye thanzi la imene itsale ndi smartctl -a. Ngati pali doko lopanda kanthu, ikani yatsopano ikhale yachitatu ndi --raid-devices=3, resync (kukopera zonse ku yatsopanoyo) ithe, ndiye muchotse yakale. Mukatero simukhalapo ndi kope limodzi lokha. Ndi mmene magetsi amathimira kwathu kuno, musayambe musanatsimikize kuti batire la UPS lili ndi moyo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani [UU] ibwerere musanakhudze disiki yachiwiri, ngakhale abwana aime kumbuyo kwanu. Mukamaliza, yendetsani grub-install pa madisiki onse awiri, chifukwa mdadm siikopera bootloader (pulogalamu yoyatsira kompyuta) imene ili kunja kwa array. Ndipo ikani MAILADDR (imelo yolandirira machenjezo) mu mdadm.conf, muyese ndi mdadm --monitor --scan --test --oneshot, mutsimikize kuti uthengawo wafikadi kwa munthu amene amawerenga imelo yake.