Galimoto ya hayala yandilanda tsiku ku Varanasi

Zandikwana! Ndalipira galimoto ya hayala tsiku lonse kuti ndione malo opatulika a Ahindu kuno ku Varanasi, mzinda wa ku India, koma theka la tsikulo lathera pampando, titangoima. Kutsogolo ng'ombe yagona pakati pa msewu, ikubzikula, palibe woithamangitsa. Kumbuyo njinga zamoto zikuliza mahutala mpaka mutu waphuliphuli.

Titafika pa mphambano ya Godowlia, dalaivala akuti, "Bwana, apa galimoto sizidutsa, tsikani." Nanga polandira ndalama zanga m'mawa bwanji sananene? Kachisi wa Kashi Vishwanath umamufika wapansi, kudzera m'tinjira topanikizana. Nsapato ndavula, foni ndasiya panja poti mkati saloleza, pamzere ndaima mpaka miyendo kuphwanya. Potuluka, galimoto ija osaoneka. Ndiifune kuti m'chinamtindi chotere?

Chandiwawa koposa n'chakuti galimoto ija nditaipeza, popita ku Sankat Mochan, kachisi wa mulungu wa Ahindu Hanuman, dalaivalayu wandikhotetsera kusitolo ya nsalu za silika, ati nja mchimwene wake. Ine ndinabwerera nsalu? Ola lathunthu akundiyalira nsalu pamphasa, ndikukana mwaulemu, iwo akutsitsabe zina.

Chimene ndinadzera kwenikweni ndi Ganga Aarti, mwambo wa madzulo aliwonse pa Dashashwamedh Ghat, masitepe otsikira kumtsinje, pomwe ansembe amakweza nyali zamoto moyang'ana mtsinje wa Ganges, mabelu akulira. Ndafika thukuta lili kamukamu, mabelu atasiya, anthu akukwera masitepe kubwerera kwawo. Pamadzi pamangoyandama tinyali ta m'timbale ta masamba, tina titazima kale.