Miyala ya ku Lupata: ine ndili mbali ya madzi

Kuno ku Tete tikangomva za miyala, maganizo amathamangira ku malasha a ku Moatize, poti ndiwo ali ndi mtengo. Koma mukatsika ndi Zambezi kumunsi kwa mzinda wa Tete, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri a Lupata, pali mwala wotchedwa blairmorite. Umadziwika malo awiri okha padziko lonse: pamenepo, ndi ku Crowsnest m'chigawo cha Alberta ku Canada. Ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika chimene chinauma kalekale, ndipo m'kati mwake muli njere za mtundu wa mwala wotchedwa analcime. Njere yokhwima bwino imaoneka yobulungira, koma ukaiyandikitsa kumaso upeza ili ndi mbali 24 zosalala.

Akatswiri a miyala Woolley ndi Symes analemba za miyala ya ku Lupata mu 1976, koma mkangano wa mmene njerezi zinabadwira sunathe. Ena amati zinamera m'chiphalaphala momwemo chikadali cha moto, pansi penipeni. Ena amati ayi, poyamba zinali njere za leucite, mtundu wina wa mwala wokhala ndi potaziyamu, kenako madzi amchere analowerera n'kuchotsa potaziyamu (yemweyu wa mu feteleza, abale), n'kuikamo sodiyamu. Nyumba ndi yomweyo, wasintha ndi wokhalamo.

Ine ndikugwirizana ndi achiwiriwa. Analcime amasunga madzi m'thupi mwake, ndipo kuti amere m'chiphalaphala pamafunika kupanikizika kwakukulu kumene kumapezeka kuya kwambiri. Ndiye chiphalaphala chikamakwera n'kutulukira kunja, kupanikizika kuja kutatha, njere zotere zingafike bwanji zili bwinobwino? Komanso mu 1975 akatswiri ena, Gupta ndi Fyfe, anaika leucite m'madzi amchere, otentha pang'ono chabe poyerekeza ndi chiphalaphala, ndipo sinachedwe kusanduka analcime. Nanga mwala umene wagona zaka mamiliyoni madzi akudutsamo?

A mbali inayo si opusa ayi. Leucite ikamasanduka analcime imafufuma ndi pafupifupi 10 peresenti, choncho mwala wozungulira njereyo umayenera kung'aluka. Ku Crowsnest, katswiri wina wa miyala dzina lake Pearce ankafunsa kuti ming'aluyo ili kuti. Funso limeneli limandiluma ndithu, ngakhale silinandisunthe.

Inu amene mumadutsa pa Lupata ndi bwato, mukaona mwala wa timadontho tobulungira, unyowetseni, muujambule chapafupi dzuwa likuwala, muponye chithunzicho pano. Ndikufuna ndione ngati m'mbali mwa njerezo muli ming'alu.