Penshoni yanga inatsala ku UK, ndipo ndasiya kulimbana nayo

Abale anga amene muli kunja, makamaka inu a ku UK amene mukuwerenga miyezi yobwerera kumudzi, ndinena zoti ena zikuwawani. Ndalama za penshoni zimene amakudulani pa malipiro mwezi ndi mwezi zija musaziike pa bajeti ya nyumba. Simubwera nazo. Ndipo ine amene ndinalusa nazo koopsa mu 2022, lero ndikuti bola zinatsala komweko.

Ndinagwira ntchito yosamalira okalamba zaka 11, ku Leeds kenako ku Bradford. Ndinabwerera kuno ndili ndi zaka 46, msana utatheratu, nyumba ya ku Lunzu ili pa lintala. Mumtima ndinali nditagawa kale: malata, matabwa a denga, mawindo, zonse zichokera ku penshoni. Mmisiri ndinali nditamuuza kuti asalandire ntchito ina mwezi wa Ogasiti. Tsiku lina ndinakhala pa mulu wa njerwa kuseri kwa nyumba, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira, n'kuimba foni ku kampani yosunga penshoniyo. Mayunitsi akupita, kanyimbo kodikirira kakungolira. Mtsikana amene anayankha anali waulemu kwabasi, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandipsetsa mtima. Anafunsa tsiku langa lobadwa, n'kundiuza kuti ndalamazo ndidzayamba kuzigwira ndikadzakwanitsa zaka 57. Ndinati mwina simunandimve, ine ndachoka m'dziko mwanumo, sindibweranso. Iye anati kuchokako sikusintha kanthu.

Sikusinthadi. Lamulo la kumeneko silifunsa kumene ukukhala, limafunsa zaka zako. Padakali pano munthu amayamba kutapa penshoni ya kuntchito ali ndi zaka 55, ndipo kuyambira pa 6 Epulo 2028 zikwera kufika 57. Khomo lina ndi la matenda aakulu oti sungagwirenso ntchito, limene palibe amene angalilakelake. Ambirife sitinasankhe n'komwe kulowamo. Kuyambira 2012 boma linayamba kukakamiza olemba ntchito kuti azilembetsa antchito awo ku penshoni, ndipo kuyambira 2019 ndalama yocheperapo yoikamo ndi 8 peresenti ya gawo la malipiro limene amawerengera, bwana akuikapo yosachepera 3. Ife timangoona pa pepala la malipiro kuti adula, n'kudandaula pang'ono, basi.

Nditakanika kutapa, ndinati chabwino, ingozisamutsani zibwere ku thumba la penshoni la kuno, zidzindidikirira pafupi. Apa mpamene ndinaphunzira mawu akuti QROPS. Bungwe la misonkho la kumeneko, HMRC, lili ndi mndandanda wa matumba a penshoni a kunja amene ndalama zingapiteko, ndipo matumba ovomerezekawa ndiwo amatchedwa QROPS. Ndinauwerenga pa foni kuyambira pamwamba mpaka pansi kawiri konse, dzina la Malawi sindinalione. Ukatumiza ku thumba limene si QROPS, kampani ikhoza kukana, ndipo ikalola msonkho wake umayambira 40 peresenti. Ukatumiza ku thumba lovomerezeka koma la dziko limene sukukhalamo, monga Malta kapena Gibraltar iwe uli ku Lunzu, pali msonkho wa 25 peresenti umene unayamba mu 2017. Chondiseketsa n'chakuti ngakhale zitasamuka bwinobwino, loko amasamuka nazo. Thumba lolandiralo nalonso siliyenera kukupatsa usanafike zaka zija. Ndiye munthu utaye gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zako kuti ungosintha malo odikirirapo?

Pasanathe masabata awiri ndidandaulire nkhaniyi pa gulu lina la WhatsApp, dobadoba anandipeza. Anandiimbira yekha, Chingerezi chosalala, akundiitana kuti anti. Akuti iwo amathandiza anthu a ku Africa kumasula penshoni msanga, ndingosaina mapepala atatu ndi kutumiza chithunzi cha pasipoti, pakatha milungu isanu ndi umodzi ndalama zili mu akaunti. Ndivomere, ndinatsala pang'ono. Mapepalawo ndinakasindikiza ku Blantyre ndi ndalama zanga. Anandiletsa ndi mwana wa achemwali anga amene amawerengera ndalama pa kampani ina. Anawerenga tsamba loyamba lokha n'kufunsa kuti, "Azakhali, msonkho wake akuti alipira ndani?" Panalibe pamene analemba. Kutapa nthawi isanakwane kumabwera ndi msonkho wofika 55 peresenti, ndipo amalipira ndi mwini penshoni, osati dobadoba. Iyeyo amadyapo zake poyamba n'kuzimitsa foni. Mapepala aja tinayatsira mbaula.

Tsono chimene chinanditembenuza maganizo si malamulowa ayi. Ndi zimene zinachitikira ndalama zimene ndinabwera nazo m'manja. Ndinafika ndi kangachepe kamene ndinasunga ku banki, koti kakanatha kuyambitsa bizinesi yooneka. Miyezi isanu ndi itatu, kanatha. Sindinamwere mowa, sindinagule galimoto. Panagwa maliro awiri, bokosi ndi chakudya zinayang'ana ine. Fizi ya ana a achimwene. Feteleza wa amayi, kenako wa apongozi awo a achimwene, amenenso sindikudziwa kuti analowa bwanji pa mndandanda. Wina anabwereka mpamba wa kaunjika, mpaka lero timangopatsana moni. Aliyense amene anabwera anali ndi vuto lenileni, ndipo ine sindikanatha kunena kuti ndilibe pamene ndinali nazo. Munthu wochoka kunja sanena kuti ndilibe. Koma za penshoni ndimanena ndi mtima woyera kuti azungu anakhoma, ndipo nkhani imathera pomwepo. Loko ameneyu amandikanira zimene pakamwa panga sipangakane.

Onjezanipo kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Zikanakhala kuti mtsikana uja anandimvera chisoni n'kutumiza zonse, zotsala pa denga ndikanaziika ku banki kuno, ndipo bwenzi zitasungunuka ndili maso. Funsani achibale athu a ku Zimbabwe, ana a anthu amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, kuti penshoni za makolo awo zinagula chiyani itadutsa 2008. Wina anena kuti ukanagula malata, malata sagwa mtengo. Zoona, pamenepo sindikutsutsa. Koma malata sadyeka, ndipo pa zaka 65 sindidzakhala ndi msana wonyamula nkhalamba ya munthu wina kuti ndipeze ya ndiwo.

Musaganize kuti ndasanduka mneneri wa boma la Britain. Pali zina zimene mpaka lero ndimaziona kuti n'zokondera. Penshoni ya boma, imene imachokera ku National Insurance, ndalama ina imene boma limadula pa malipiro, imafuna zaka zosachepera 10 kuti ulandireko kanthu ndi zaka 35 kuti ulandire yonse. Ine ndinadutsa 10 mwamwayi. Adzandipatsa ndili kuno, koma pa mlingo umene ndidzayambire ndi pomwepo mpaka imfa, siidzakwera chaka ndi chaka ngati ya mnzanga amene anatsala ku Bradford. Okhala ku South Africa, Canada ndi Australia nawonso ndi chimodzimodzi, pamene wokhala ku Jamaica, ku Philippines kapena ku USA yake imakwera, chifukwa maiko amenewo ali ndi mgwirizano ndi UK. Tinasambitsa nkhalamba zomwezo, tinadulidwa mofanana. Kusiyana n'kumene ndasankha kukafera. Izi boma lathu likanamazitchula likamakumana ndi anzawowo, m'malo momangotiyamikira pa ndalama zimene timatumiza kumudzi.

Chinanso, dongosolo lonselo analipangira munthu amene sasuntha. Nambala yachinsinsi yolowera pa intaneti amatumiza ku foni ya ku UK imene inafa kalekale. Akufuna umboni wa kumene ukukhala, kalata ya magetsi kapena ya madzi yokhala ndi dzina la msewu. Kwathu kuno adiresi ndi "kuseri kwa chigayo, mufunse kwa mayi a ku UK". Zinanditengera miyezi inayi kuti kampani ina ivomere bokosi la ku positi ofesi.

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira zenizeni, pa mapepala. Malume anga anapita ku Theba, anagwira m'migodi ya golide mpaka ulendo wa Amalawi utatsekedwa mu 1988. Anabwera ndi wailesi, njinga ndi sutikesi yachitsulo. Patadutsa zaka, kutamveka kuti amene anagwira ku migodi akalembetse za ndalama zawo, tinatsegula sutikesi ija. Chiswe chinali chitalowa pa kona imene inachita dzimbiri. Kabuku kokhala ndi nambala yawo ya kuntchito kanatsala chikuto chokha, ndipo dzina limene analembetsa kumeneko silinali limene lili pa chitupa cha kuno. Anamwalira akunenabe kuti ndalama zanga zili ku Joni. Mwina zinalikodi. Ife tinalibe chogwira.

Ine ndinatsala pang'ono kubwereza zomwezo. Pa zaka 11 ndinadutsa mwa mabwana anayi, ndipo ndinkaganiza kuti penshoni yanga ndi imodzi. Zinapezeka zitatu, ina yaing'ono ya ku ntchito imene ndinagwirako chaka chimodzi chokha. Ndinaipeza kudzera ku Pension Tracing Service, ya boma, yaulere, imene imakuuza kampani yosunga penshoni ya bwana wako wakale. Ndipo pa fomu yonena amene adzalandire ndikadzafa, pa ziwiri panalibe dzina la munthu, pa yachitatu panali bambo amene tinasiyana mu 2016. Ndinatuluka thukuta.

Inu a ku South Africa nkhani yanu ndi yosiyanako, musatengere yanga. Kuyambira Malichi 2021, ndalama zina zokhomedwa, monga za retirement annuity, penshoni imene munthu amadzisungira yekha, zimatuluka munthu akatha zaka zitatu zotsatizana asali pa kaundula wa okhoma msonkho ngati wokhala m'dzikomo. Kuyambira Seputembala 2024 kuli dongosolo la two-pot, limene limalola kutapa kamodzi pa chaka cha msonkho ku gawo limodzi mwa magawo atatu a zopereka zatsopano. Kumeneko khomo lilipo, koma SARS, bungwe la misonkho la kumeneko, ikufuna nambala yako ya msonkho ndi mapepala olongosoka, ndipo amene anagwira ntchito pa dzina la msuweni wake aone yekha kuti khomolo adzalowa bwanji.

Mukamanyamuka, mabulangete ndi mapoto mukhoza kusiya. Tengani nambala ya National Insurance, dzina ndi nambala ya penshoni iliyonse, ma P60 onse, mapepala a pachaka oonetsa malipiro ndi msonkho umene anakudulani. Sinthani imelo ikhale yanu osati ya kuntchito, ndipo funsani musanakwere ndege ngati kampaniyo imatha kulipira ku banki ya kunja. Zanga zili mu chikwama cha pulasitiki pamwamba pa wadirobu, zithunzi zake zili kwa mwana wanga wamkulu ndi kwa mwana wa achemwali uja.

Denga tinakhoma mu 2024, ndi ndalama za nkhuku ndi za banki mkhonde, malata ochepa geji kuposa amene ndinkalota. Mvula ikamagwa timakweza wailesi. Zaka 57 ndikwanitsa mu 2033, ndipo achimwene anayamba kale kufunsa kuti ndi mwezi wanji.