Mwaiwala dzina la Hastings

Nkhani yanuyi ikuti maina ambiri a Chingerezi anachokera ku malo, koma mwasiya Hastings, lomwe ife timalidziwa bwino kwambiri. Hastings ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Sussex, kum'mwera kwa England. Dzinali linachokera kwa a Hæstingas, kutanthauza anthu a Hæsta, amene anakhazikika kumeneko kalekale. Munthu akasamuka ankangotchedwa "wa ku Hastings", mpaka linasanduka dzina la banja, kenaka makolo n'kuyamba kupatsa ana awo. Nkhondo ya mu 1066 yotchedwa nkhondo ya ku Hastings, pomwe William wa ku Normandy anagonjetsa Harold, mfumu ya England, sinamenyedwere m'tauniyo ayi, koma chapatali pang'ono, pomwe lero pamatchedwa Battle. Kwathu kuno, Dr Kamuzu Banda anatenga dzinali pobatizidwa, potengera mmishonale wa ku Scotland, John Hastings. Chonde alembi, muliwonjezere.