Musiyeni munthu apalase njinga yake

Ndakwiya, ndipo sindikhala chete. M'mawa uno pageti la malo ena antchito pafika bambo wina pa njinga, chipewa choteteza mutu chili kumutu, mwendo wakumanja wa thalauza ataupisa m'sokosi kuti tcheni isaudetse. Asanatsike n'komwe, anzake awiri amene anatsamira galimoto ayamba kuseka. Wina akuti, "Achimwene, akulandani layisensi eti? Mowa umenewo!" Bamboyo sanayankhe. Wangokhoma njinga yake pa chitsulo, wavula chipewa, n'kulowa atazyolika.

Atazyolika chifukwa chiyani? Walakwa chiyani munthuyu? Waba? Wagunda mwana wa munthu? Ayi. Wafika kuntchito nthawi isanakwane, ndi miyendo yake, osavutitsa aliyense. Koma inu mwaona njinga basi n'kumuweruza kale kuti ndi chidakwa. Khalidwe limeneli ndi lonyansa, ndipo lithe.

Munthu wamkulu akamapita kuntchito pa njinga, si umboni wakuti zamuvuta, komanso si umboni wakuti ali ndi mlandu. Wina watopa ndi kutaya ndalama pa mafuta ndi inshuwalansi. Wina adokotala anamuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Wina amadwala khunyu, ndipo malamulo a maiko ambiri salola kuti ayendetse galimoto mpaka papite nthawi yaitali asanagwe. Wina ali ndi vuto la maso. Wina galimoto ndi imodzi pakhomo ndipo waisiyira mkazi wake ndi ana. Wina amangoikonda njingayo, basi. Zifukwa ndi zake. Inu simukuzidziwa, ndipo sakuyenera kukufotokozerani.

Tawerengani nokha. Wopalasa wamba, wosathamanga, amayenda makilomita 16 pa ola. Ngati kuntchito ndi makilomita 8, ndiye mphindi 30. Mawa mphindi 30. Mkuja mphindi 30. Mzere wa magalimoto utalike bwanji, nthawi yake sisintha, pomwe inu lero mwafika m'mphindi 20, mawa ola lathunthu mukuliza hutala. Kupita ndi kubwera, masiku 5 pa sabata, akwanitsa mphindi 300 zolimbitsa thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Iyeyo wachita kawiri, osapatula nthawi ina. Ofufuza a ku yunivesite ya Glasgow mu 2017, atatsatira anthu oposa 260,000, anapeza kuti opita kuntchito pa njinga ankadwala khansa ndi matenda a mtima mochepa kwambiri poyerekeza ndi ongokhala m'galimoto kapena m'basi. Ku Netherlands njinga ndi zambiri kuposa anthu, ndipo pasiteshoni ya sitima ya ku Utrecht pali malo oimikapo njinga 12,500. Anthu onsewo anawalanda malayisensi? Onsewo ndi zidakwa?

Tsono tiyeni tinene kuti munalasa. Tinene kuti bamboyo anamugwiradi akuyendetsa ataledzera, khothi linamulanda layisensi. Ndiye mukumusekeranji? Munthu amene walandidwa layisensi ali ndi njira ziwiri: kumvera chilango, kapena kutenga makiyi mwakachetechete n'kumayendetsabe. Amene mukumuona pa njingayo wasankha kumvera. Ndi ameneyo woyenera kumugwira chanza. Woopsa ndi uja amene anamulanda layisensi koma akuyendetsabe, chifukwa akuopa kusekedwa ndi anthu ngati inu. Ameneyo akagunda munthu, a inshuwalansi amamukana, mlandu wake umakula, ndipo m'maiko ambiri mapeto ake ndi ndende. Kuseka kwanuko ndi kumene kumabwezera anthu pa chiwongolero nthawi yawo isanakwane. Mukukankhira munthu ku tchimo lomwe akulithawa.

Chilangocho si cha sabata imodzi ayi. Ku Britain, wopezeka akuyendetsa atapyola mlingo wa mowa amalandidwa layisensi kwa miyezi yosachepera 12, ndipo akabwereza zisanathe zaka 10 amalandidwa kwa zaka zosachepera 3. Chaka chathunthu munthu ayenera kudyetsa ana, kulipira nyumba, kufika kuntchito. Mukufuna atani? Akhale pakhomo ntchito imuthere? Njinga ndi imene ikusunga banja lake. Ndipo inu mwaima pageti mukuseka.

Musandimve molakwa. Kuyendetsa galimoto utamwa ndi mlandu woipa, ndipo sindikuuchepetsa ngakhale pang'ono. Anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo mowa uli ndi gawo lake pa imfa zimenezi. Woyendetsa ataledzera alandidwe layisensi, ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma khothi likamaliza kuweruza, inu simukhala khothi lachiwiri la pageti.

Ndiponso anyani sasekana zikundu. Ambiri oseka aja sadziwa kuti iwo eni anayendetsapo atapyola mlingo, kungoti sanakumane ndi apolisi. WHO imalimbikitsa kuti mlingo usapitirire magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Ku England ndi 0.08, ku Scotland anatsitsa kufika 0.05 mu 2014, ku Sweden ndi 0.02. Chiwindi chimachotsa mowa pa liwiro lake, pafupifupi 0.015 pa ola, ndipo palibe chochifulumizitsa. Khofi sathandiza. Kusamba madzi ozizira sikuthandiza. Kudya m'mawa kumangokhazika m'mimba, magazi ali chimodzimodzi. Amene wagona 12 koloko usiku ali pa 0.15, pofika 6 koloko m'mawa amakhala adakali cha pa 0.06. Akudzimva kuti ali bwino, akuti ndi matsire chabe, koma akauzira m'kachipangizo ka apolisi kaja, m'maiko ambiri walakwa kale. Ndi angati mwa inu munachitapo zimenezi Lolemba m'mawa? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tayang'anani bwino munthu amene mukumunena kuti ndi wotayika uja. Kuti afike pageti 8 koloko isanakwane, tsiku ndi tsiku, pali zambiri zimene wachita zomwe inu simuziona. Wapopa matayala. Mpweya woyenera umalembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo matayala a njinga ya m'tauni, a mamilimita 35 mpaka 40 m'lifupi, amafuna cha pakati pa 50 ndi 70 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala) malinga ndi kulemera kwa wokwera. Chubu chimatulutsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale chisanabooke, n'chifukwa chake amapopa sabata iliyonse. Tayala lofewa likagunda mwala kapena m'mphepete mwa dzenje, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Wodziwa akaona timabowo tiwiri timeneti amadziwa kuti vuto si minga, vuto ndi mpweya wochepa.

Wapukuta tcheni ndi kansalu, wadontheza oyilo kadontho kamodzi pa mfundo iliyonse, wazunguza mapedulo chobwerera, kenako wapukutanso wotsalira, chifukwa oyilo wochuluka amakoka fumbi ndipo fumbilo limadya tcheni ndi magiya. Amadziwa kuti tcheni ikatha imatalika. Pa tcheni yatsopano, mfundo 24 zimakwana mainchesi 12 ndendende. Ikapitirira ndi 1/16 ya inchi, yakwana yosintha, ndipo ukachedwa imawononga mano a magiya n'kukugulitsa zonse pamodzi. Wafinya mabuleki asananyamuke. Chogwirira chikamafika mpaka pa handulo ndiye kuti waya wakhwepa kapena malabala atha, ndipo malabala amene mizere yake yafufutika sagwira mvula ikagwa. Chishalo anachikweza moyenera: ukaponda pedulo ndi chidendene ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Chikatsika kwambiri mawondo amapweteka, chikakwera kwambiri chiuno chimagwedera uku ndi uku.

M'chikwama mwake muli chubu chapadera, timapulasitiki tiwiri totsegulira tayala, pampu yaing'ono, zigamba ndi guluu, ndi masipanala a Allen a 4, 5 ndi 6 milimita. Tayala likaphwa panjira samata pomwepo. Amasintha chubu, mphindi 10 zakwana, koma asanaike chatsopano amayendetsa zala m'kati mwa tayala kufuna kagalasi kapena kawaya kamene kanaboola, apo ayi chatsopanocho chiphwanso asanapite patali. Chobooka amakamata madzulo kunyumba. Ali ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndipo anazitchaja usiku. Ali ndi madigadi kuti matope asamulembe mzere kumsana. Malaya a kuntchito anawakulunga, osati kupinda, n'kuwaika m'thumba losalowa madzi pa keliyala, chifukwa chikwama cha kumsana chimanyowetsa msana ndi thukuta. Makilomita awiri omaliza amapalasa mofatsa kuti thupi lizizire asanalowe mu ofesi.

Munthu wochita zonsezi tsiku lililonse ndiye mukumutcha chidakwa? Ameneyu ndi munthu wadongosolo kuposa ambiri a ife. Ndipo ngati anali chidakwa chaka chatha, njingayo ndi imene ikumuwongola, chifukwa sungamwe mpaka pakati pa usiku n'kudzuka 6 koloko kukakwera chitunda ndi miyendo. Thupi limakana lokha. Mukumuona akukonza moyo wake pamaso panu, inu n'kumamukumbutsa za dzulo.

Kwa inu achimwene kapena achemwali amene analandidwadi layisensi, mawu anga ndi awa: musazyolike, koma musanyamulenso mowa kupita nawo pa njinga. Njinga si chilolezo choti muzimwa. Mowa umayamba kuwononga kukhazikika kwa thupi ndi kufulumira kwa maganizo, zomwe ndi zinthu ziwiri zimene njinga imadalira, ndipo pa njinga palibe lamba, palibe chitsulo chokutchingani. Mukagwa ndi mutu wanu pa phula. Malamulo nawo sagona. Ku Germany, wopalasa njinga amene wafika 0.16 amaimbidwa mlandu, amatha kutumizidwa kukayezedwa ngati ali woyenera kuyendetsa, ndipo akalephera amataya layisensi ya galimoto ngakhale anagwidwa ali pa njinga. Ku Britain nakonso kupalasa utaledzera moti sungathe kuwongolera njinga ndi mlandu. Mukamwa, njingayo isiyeni pomwepo muikhome, mudzaitenge mawa. Ndipo ngati mowa ukukukanikani kusiya, pitani kuchipatala mukapemphe thandizo, chifukwa tsiku lobwezeredwa layisensi lidzafika ndipo vutolo lidzakhala likukudikirani pa chiwongolero.

Yambani bwino. Njira ya kuntchito muiyese kaye tsiku lopuma, muwerenge mphindi, musankhe misewu ya magalimoto ochepa ngakhale italike ndi kilomita imodzi. Sabata yoyamba matako ndi ntchafu zidzapweteka, pakatha masabata awiri kapena atatu thupi limazolowera. Musayende mokhudza magalimoto oimikidwa m'mbali mwa msewu, siyani mpata wa mita imodzi, chifukwa chitseko chimatseguka mosachenjeza. Musalowe m'mbali mwa lole kapena basi pamphambano, dalaivala sakuonani ndipo ikamakhota matayala akumbuyo amadula ngodya. Loko ikhale yachitsulo yooneka ngati U, idutse pa fulemu ndi tayala lakumbuyo n'kugwira chinthu chozikika pansi. Mukakhoma tayala lakutsogolo lokha mudzapeza tayalalo, njinga itapita.

Zokhoma njingazi zandikumbutsa china chimene chimandipsetsa mtima. Malo antchito ambiri ali ndi bwalo lalikulu la magalimoto, mizere yopakidwa penti, mlonda, mthunzi, zonse. Wa njinga alibe ngakhale chitsulo chimodzi chabwino. Amakhoma pa mpanda, pa paipi ya madzi, pa mtengo, padzuwa ndi pamvula, kenako alonda n'kumuuza kuti achotse akuipitsa malo. Pamalo oimikapo galimoto imodzi pamakwana njinga 8 mpaka 10. Zitsulo zisanu zokhotetsedwa, zozikidwa mu simenti motalikirana mita imodzi, zatha, anthu khumi athandizika. Malo osinthira malaya ndi pompi ya madzi, zavuta pati? Mabwana amadandaula kuti antchito akuchedwa ndi mzere wa magalimoto, koma amene wathetsa vutolo payekha sakumupatsa ngakhale msomali wokolekapo chipewa.

Ndipo inu amene mumaseka pageti ndinu omwewo mumamudutsa pamsewu mochita kumukhudza ndi kalilole. Ku Britain malamulo a pamsewu kuyambira 2022 amati podutsa njinga ndi galimoto musiye mpata wosachepera mita imodzi ndi theka, ndipo liwiro likakwera mpatawo ukulenso. Inu mumasiya chikhatho chimodzi, hutala pamwamba, munthu n'kugwera m'ngalande. Masekondi asanu oti mudikire kutsogolo kuyere akukuvutani?