Mwana amve funso kaye, manambala abwera pambuyo

Makolo anzanga ndi inu aphunzitsi, pali chinthu chimene chimandiwawa pa momwe timaphunzitsira ana masamu. Mwana amatha kuchulukitsa 7 ndi 8 mosadodoma, koma manambala omwewo mukawaika m'nkhani amangoti kakasi. Ife timafulumira kunena kuti alibe mutu wa masamu. Ine ndikukana. Tinamuzoloweretsa tokha kutola manambala m'funso n'kuyamba kuwerengetsa asanamve chimene akufunsidwa.

Cha m'ma 1980, ofufuza a ku Grenoble, m'dziko la France, anafunsa ana a pulaimale kuti: m'bwato muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10, kodi woyendetsa bwatolo ali ndi zaka zingati? Ambiri anayankha kuti 36. Anawo sanali opusa. Sukulu inawaphunzitsa kuti funso lililonse lili ndi yankho, ndipo yankholo limachokera m'manambala amene wapatsidwa.

Chimene chimaononga kwambiri ndi chizolowezi chouza mwana kuti ukaona mawu akuti "zonse pamodzi" uphatikize, ukaona "watsala" uchotsere. Tayesani funso ili: mtsikana wapatsa mnzake mapensulo 5 ndipo watsala ndi 7, kodi poyamba anali ndi angati? Mwana woloweza mawu achotsera 5 pa 7 n'kulemba 2. Yankho ndi 12. Mwanayo wamvera lamulo lathu mokhulupirika, ndiye tikamuchongera kuti walakwa, tikulanga ndani?

Katswiri wa masamu George Pólya analongosola mu 1945 masitepe anayi: kumvetsa funso, kukonza njira, kuitsata njirayo, kenako kubwerera kukaunika yankho. Ife timakakamira pa sitepe yachitatu yokha, chifukwa ndi imene imaoneka m'kope. Koma nthawi yambiri iyenera kuthera pa yoyamba. Muuzeni mwana atseke buku, akufotokozereni nkhaniyo m'mawu akeake. Ndani ali ndi chiyani? Chachitika n'chiyani? Tikufuna kupeza chiyani? Nthawi zina bisani manambala onse, muwerenge nkhani yokha. Mudzadabwa kuona kuti mwana amene "sadziwa masamu" akunena yekha kuti poyamba mapensulo anali ambiri kuposa amene atsala.

Akamva, agwire zinthu ndi manja: timiyala, timitengo, chilichonse chowerengeka. Kenako ajambule. Ku Singapore, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ana amajambula timizere tonenepa toimira kuchuluka kwa zinthu, chigawo ichi 5, chigawo icho 7, mzere wonse ndiwo ukufunidwa. Chizindikiro chophatikiza chimabwera pomaliza, mwana ataona kale ndi maso chifukwa chake.

Ndipo chonde, mwana akaima n'kumaganiza, tisamulande pensulo. Ndikudziwa kuti n'kovuta kuonerera mwana wako akuvutika iwe yankho uli nalo pakamwa, koma kuvutika kumeneko ndiye kuphunzirako. M'malo momuuza, mufunseni kuti, "Wayesa chiyani? Bwanji manambalawa tikawachepetsa?" Mafunso awiri okambirana bwino amapindulitsa kuposa makumi awiri ofanana.

Sitepe yomaliza nayo tisaidumphe. Ana 50 akupita paulendo, galimoto iliyonse imanyamula 12, pakufunika magalimoto angati? Ambiri alemba "4, kutsala 2" n'kutseka kope. Kugawako n'kolondola, koma funsolo silinayankhidwe. Mufunseni mwanayo kuti ana awiri otsalawo apita bwanji, ndipo adzanena yekha kuti magalimoto ndi 5. Ngakhale atapeza yankho lolondola, mufunsenibe kuti, "Wadziwa bwanji?" Tikamafunsa zimenezi pokhapokha walakwa, mwana amaphunzira kufufuta yankho lake akangomva funsolo, ngakhale linali lokhoza.