Inu okuwa kuti "apite kwa asilikali", takhalani chete mumve

Sabata yathayi pa wailesi ina anthu amaimba foni kukambirana za munthu wogwidwa pomuganizira uchigawenga. Zomwe zimatuluka m'kamwa mwawo zinali zochititsa manyazi. Wina akuti makhoti wamba ndi otaya nthawi, wina akuti chigawenga sichifunika loya, wina akuti achipereke ku khoti la asilikali mawa lomwe nkhani ithe. Ndipo ena mwa okuwawo, pomva kalankhulidwe, ndi anthu oti sukulu anapitako ndithu. Abale, kodi mkwiyo ukafika pakhosi nzeru zimathawira kuti?

Mukuti khoti la asilikali ndi lachangu. Anakuuzani ndani? Pa 13 November 2001 Pulezidenti wa America George W. Bush anasaina chikalata chokhazikitsa makhoti a asilikali ozenga milandu ya zigawenga, ndipo mu January 2002 ndende ya asilikali a America ya Guantanamo, ku Cuba, inalandira akaidi oyamba. Anthu pafupifupi 780 adutsa m'ndende imeneyo. Khalid Sheikh Mohammed, yemwe akumuimba mlandu wokonza chiwembu cha pa 11 September 2001 ku America, anagwidwa ku Rawalpindi, ku Pakistan, mu March 2003. Anamuwerengera milandu mu 2008, anamuwerengeranso mu 2012, ndipo zaka zoposa 20 zinadutsa chigwidwireni mboni yoyamba ya mlandu weniweniwo isanaimirire. Mu 2024 anagwirizana ndi oimira boma kuti avomere mlandu posinthana ndi kusanyongedwa, koma patangotha masiku awiri nduna ya zachitetezo Lloyd Austin inafafaniza mgwirizanowo, mkangano n'kuyambiranso. Makolo ambiri a anthu amene anafa tsiku lija amwalira akudikira chigamulo. Changu chake n'chimenechi?

Chochedwetsa sichobisika. Khoti lomangidwa mwaphuma limakhala lopanda malamulo okhazikika, ndiye kanthu kalikonse kamasanduka mlandu pawokha. Mu 2006 Khoti Lalikulu la America, pa mlandu wa Salim Hamdan, mkaidi wa ku Guantanamo, linagamula kuti makhoti a Bush aja anali osemphana ndi malamulo. Nyumba ya malamulo inalemba lamulo latsopano chaka chomwecho, n'kulikonzanso mu 2009. Woweruza wa makhoti amenewa ndi msilikali, ndipo msilikali amasamutsidwa kapena kupuma pa ntchito. Wolowa m'malo mwake ayenera kuwerenga mulu wonse wa zikalata kuyambira pachiyambi. Ngakhale zigamulo zochepa zimene zinatuluka sizinalimbe. Cha Hamdan chinagwa pa apilo mu 2012 chifukwa mlandu womwe anamupeza nawo sunali mlandu wa nkhondo pa nthawi imene anachita zinthuzo. Cha David Hicks wa ku Australia chinagwanso mu 2015. Kuthamanga sikufika, akuluakulu ananena kalekale, koma inu makutu munatseka.

Nanga makhoti wamba omwe mukuwanyozawo? Ramzi Yousef, amene anaphulitsa bomba ku World Trade Center mu 1993, anapezeka wolakwa ku New York mu 1997 ndipo adzafera m'ndende. Richard Reid, amene anayesa kuphulitsa ndege ndi bomba la mu nsapato, anagwidwa mu December 2001, pofika January 2003 n'kuti atagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Zacarias Moussaoui, wokhudzidwa ndi chiwembu cha pa 11 September, analandira chilango chomwecho mu 2006. Dzhokhar Tsarnaev anaphulitsa mabomba ku Boston mu April 2013, ndipo mu 2015 anagamulidwa kuti aphedwe. Ku Norway, Anders Breivik anapha anthu 77 mu July 2011, chigamulo chinatuluka mu August 2012 m'khoti wamba la ku Oslo, atolankhani ali pompo. Alipo mwa amenewa amene anathawa chifukwa anali ndi loya? Tchulani mmodzi.

Chimene chimawononga milandu ya uchigawenga si loya ayi, ndi manja a ofufuza. Munthu akangogwidwa, zoyenera kuchita n'zodziwika. Alembedwe m'buku nthawi ndi malo amene wagwidwira, dokotala amupime n'kulemba mabala alionse amene ali nawo, auzidwe ufulu wake, aonane ndi loya, mafunso ajambulidwe pa vidiyo, ndipo aonekere kwa woweruza pasanathe nthawi imene lamulo la dzikolo linaika. Zotola pamalo a bomba, kaya ndi waya, batire, foni kapena chidutswa cha chitsulo, chilichonse chilowe m'thumba lakelake, limatidwe, ndipo aliyense wolandira thumbalo asaine. Pakasowa siginecha imodzi, loya adzafunsa kuti thumbalo linagona kuti usiku umenewo, ndipo adzakhala akufunsa zoona. Foni ndi kompyuta sazitsegula mwachisawawa. Amayamba akopera zonse zili m'katimo n'kumagwira ntchito pa zokoperazo, chifukwa kungoyatsa chabe kumasintha madeti a mafayilo. Inu mukufuna zonsezi zidumphidwe, ndiye mudzadabwe mlandu ukadzagwa?

Ndiye pali kuzunza, kumene ena a inu mumakuombera m'manja. Khalid Sheikh Mohammed anamuthira madzi kumaso momumiza maulendo 183 ali m'manja mwa CIA, bungwe la akazitape la America. Kuzunza kumeneko ndiko kwakhala fupa pakhosi pa mlandu wake, chifukwa pa chilichonse chimene ananena pambuyo pake maloya amatsutsana ngati anachinena mwa kufuna kwake. Musaganize kuti yunifolomu imatsuka umboni wodetsedwa. Mu 2023 woweruza wa chisilikali wa ku Guantanamo komweko anakana mawu ovomera mlandu a Abd al-Rahim al-Nashiri, woganiziridwa pa kuphulitsidwa kwa sitima ya nkhondo ya America ya USS Cole mu 2000, ponena kuti anachokera ku mazunzo. Ahmed Ghailani, wa mabomba a ku ofesi za kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam mu 1998 amene anapha anthu 224, anazengedwa m'khoti wamba mu 2010. Woweruza anakana mboni yaikulu ya boma chifukwa dzina lake linapezeka pomuzunza Ghailani. Anapezeka wolakwa pa mlandu umodzi wokha mwa milandu 285. Okuwa anakuwa kuti mwaona. Koma mlandu umodzi womwewo unamupatsa ndende moyo wonse, ndipo chigamulocho chinapirira apilo.

Ena mumadzionetsa ochenjera, mumati nanga zinsinsi za boma, nanga mboni zikaopsezedwa. Mukuganiza kuti ndinu oyamba kuganiza zimenezo? America ili ndi lamulo la 1980 loyendetsera umboni wachinsinsi m'khoti wamba. Woweruza amaona chikalatacho payekha, akhoza kulola kuti m'malo mwake muperekedwe chidule chosaulula gwero, ndipo loya wa woimbidwa mlandu amayamba wafufuzidwa asanaloledwe kuchiwerenga. Ku Northern Ireland, poona kuti anthu wamba othandiza kugamula milandu akuopsezedwa, kuyambira 1973 milandu yotere inkazengedwa ndi woweruza mmodzi, koma woweruza wamba, wolemba zifukwa za chigamulo chake kuti apilo itheke. Ku France, mlandu wa chiwembu cha ku Paris cha November 2015 chimene chinapha anthu 130 unazengedwa ndi oweruza okhaokha kuyambira September 2021 mpaka June 2022, oimbidwa mlandu 20, ovulala ndi ofedwa akupatsidwa mpata wolankhula. Mmodzi mwa iwo, Salah Abdeslam, anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse. Msilikali anafunika pati pamenepa?

Khoti la asilikali lili ndi ntchito yake, ndipo sitikulinyoza. Ndi la msilikali wothawa pa ntchito, wokana lamulo la mkulu wake, wogona pa ulonda. Pangano la Geneva la 1949 limanenanso za akaidi a pa nkhondo, koma imeneyo ndi nkhani ina. Vuto n'lakuti okhala pa mpando woweruza ali ndi maudindo a usilikali, ndipo kukwezedwa kwawo kuli m'manja mwa akuluakulu omwewo amene anagwira munthuyo. Nthawi zina ophedwa pa chiwembucho ndi asilikali anzawo. Wodandaula yemweyo, wofufuza yemweyo, woweruza yemweyo. Mungavomere zimenezo mlandu utakhala wa mwana wanu? N'chifukwa chake bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linalemba mu 2003 kuti makhoti a asilikali asazenge munthu wamba mulimonse mmene zingakhalire.

Dziko la Peru linayesa njira yanuyi. Abimael Guzmán, mtsogoleri wa zigawenga za Sendero Luminoso, anagamulidwa mu 1992 ndi oweruza a chisilikali ophimba nkhope. Mu 2003 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linati kuzenga kotero kunali kosavomerezeka, mlandu n'kuyambiranso m'khoti wamba mpaka chigamulo cha 2006. Ntchito imodzi kuigwira kawiri! Pakistan inasintha malamulo ake mu January 2015, ana asukulu oposa 130 ataphedwa ku Peshawar, n'kunena kuti makhoti a asilikali ndi a zaka ziwiri zokha. Anawonjezera zina ziwiri. Mu 2018 Khoti Lalikulu la Peshawar linafafaniza zigamulo za anthu oposa 70 chifukwa umboni unali wosakwanira.

Ndipo khomo limeneli likatseguka, olowamo si zigawenga zokha. Ku Pakistan komweko, mu December 2024 makhoti a asilikali anagamula anthu wamba 85 pa zipolowe zimene zinabuka nduna yaikulu yakale Imran Khan atamangidwa. Ku Uganda, Kizza Besigye, wandale wotsutsa boma, anatengedwa ku Nairobi mu November 2024 n'kukaimikidwa m'khoti la asilikali ku Kampala, ndipo loya wake Eron Kiiza khoti lomwelo linamutumiza kundende miyezi 9 pomunena kuti walinyoza. Khoti Lalikulu la dzikolo litagamula pa 31 January 2025 kuti kuzenga anthu wamba kumeneko n'kosemphana ndi malamulo, aphungu anangolemba lamulo lina lobwezeretsa zomwezo miyezi yochepa pambuyo pake. Mawu akuti "chigawenga" amatanthauzira ndi amene ali pa mpando. Lero mukuloza chala munthu wosamudziwa, mukuganiza kuti dzina lanu silingalembedwe pa pepala lomwelo?

Mukaimbanso foni ku wailesi, yambani mwafunsa kuti munthuyo waonekera kwa woweruza, waonana ndi loya, dokotala wamupima. Ngati zimenezo sizikukukhudzani, ikani foniyo pansi, musatisokose.